Lipoti la msonkhano wa supercharger: tigule blower, koma osati pano

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa amakaniko ndi oyendetsa magalimoto a mpikisano wa drag, wothamanga pa msewu wowongoka waufupi, ndi funso limodzi: kodi tiike supercharger, kapena kuti blower, chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini, pa Chevrolet yathu yakale ija ya injini ya 350? Ndapita, ndamvetsera, ndagwiranso zitsulo ndi manja angawa. Yankho langa ndi loti inde tiike, koma blower ikhale chinthu chomaliza kugula.

Tsiku loyamba linathera pa mitundu ya ma supercharger, ndipo pano sindichedwapo. Ija timaisirira tonse, yotulukira pamwamba pa boneti, ndi ya mtundu wa Roots. Poyambirira sinali ya galimoto n'komwe. Abale awiri a ku Indiana, Philander ndi Francis Roots, anailembetsa mu 1860 ngati chopemerera mpweya m'ng'anjo. Dzina loti 6-71, la blower yotchuka ya mtundu wa Roots, linachokera ku injini za dizilo za GMC: masilinda 6, iliyonse ma cubic inch 71. Othamangitsa magalimoto ku America ndiwo anayamba kuzula ma blower pa injini zimenezo n'kuwakhazika pa injini za V8. Mtundu wina ndi centrifugal, wooneka ngati nkhono, monga wa McCulloch umene unkabwera pa Studebaker Golden Hawk ya 1957, kapena ProCharger ndi Vortech za masiku ano. Roots imakankha mpweya galimoto ikangonyamuka, pomwe centrifugal imadikira kuti injini ikwere kaye. Pa mtunda wa mamita 402, ndiponso pa galimoto ya msinkhu wa yathuyi, mtima wanga uli pa Roots, ngakhale imatenthetsa mpweya kwambiri.

Chimene chinandisintha maganizo chinachitika tsiku lachiwiri. Bambo wina wachikulire amene amaphunzitsa anatulutsa pisitoni m'thumba la ovololo n'kutiuza kuti tizipatsirana. Itafika kwa ine ndinaona kuti m'mphepete mwake, pamwamba pa ring yoyamba, munali mutanyotsoka ngati mwadyedwa ndi chiswe, ndipo pakati panali dzenje loti chala changa chaching'ono chinalowa. Anatiuza kuti pisitoniyo inafa pa ulendo umodzi wokha, dalaivala osamva kanthu. Blower ikamalira komanso ekizozi ili yotsegula, kugogoda kwa injini sikumveka. Umangozindikira utsi utatuluka.

Nkhani yake ndi iyi. Mpweya wotizungulirawu umakankha ndi mphamvu ya 14.7 psi. Blower ikawonjezera 7 psi, imene timati boost, ndiye kuti mu silinda mukulowa mpweya wochuluka ndi pafupifupi theka, komanso wotentha. Mukaupanikiza mpweya wotere ndi compression yokwera, petulo amaphulika yekha nthawi isanakwane, ndipo pisitoni ndi imene imalandira nkhonyayo. N'chifukwa chake pa petulo wamba ambiri amatsitsa compression kufika cha pa 8:1 kapena 8.5:1, amaika mapisitoni osula aja amati forged, ndipo amakulitsa mpata wa ma ring kuti akatentha nsonga zake zisagundane. Ine sindikukhulupirira kuti mapisitoni amene ali mu injini yathu panopa angapirire, ndipo aliyense amene akuganiza mosiyana abwere tidzatsegule limodzi.

Pa kachunidwe, mphunzitsiyo anabwereza zinthu ziwiri mpaka tinatopa nazo: mafuta ndi timing, nthawi imene pulagi imayatsa moto. Injini wamba imayenda bwino mpweya ukakhala magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, koma boost ikalowa pamafunika petulo wochulukirapo, cha pa 11.5 mpaka 12, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsa silinda. Zimenezi sizoyeza ndi khutu kapena kununkhiza ekizozi monga timachitira ena a ife, ine ndemwe. Pamafunika geji ya wideband, yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Timing nayo imabwezedwa m'mbuyo boost ikamakwera, ndipo ambiri amayambira pa digiri imodzi pa psi iliyonse, kenako n'kumaibwezeretsa kutsogolo pang'onopang'ono. Mapulagi akhale ozizira, mpata wake wochepetsedwa. Anatipatsa galasi lokulitsa kuti tiyang'ane pulagi imene inangochotsedwa galimoto itamaliza ulendo. Pa choyera chake panali timadontho takuda ndi tina tonyezimira. Tonyezimirato ndi aluminiyamu wa pisitoni. Ukaona zimenezo usapitenso pa mzere.

Pali kamsampha kena kamene sindinkakadziwa. Pa Roots, makabuleta amakhala pamwamba pa blower, ndiye blower imawayamwa nthawi zonse. Power valve ya kabuleta ya Holley, imene imawonjezera petulo, imatseguka vacuum (kuyamwa kwa injini) ikatsika, koma pamenepa imatha kunamizidwa n'kukhala yotseka pa nthawi imene injini ikufuna mafuta kwambiri. Mankhwala ake ndi kuilumikiza ndi kapaipi kochokera pansi pa blower, kuti izimva zimene injini ikumva. Pampu ya mafuta ndi mapaipi athu akale aja nazonso n'zochepa.

Boost imasinthidwa ndi mapule awiri amene lamba wa mano uja amazungulirapo. Pule ya pamwamba ikachepa, blower imathamanga kwambiri. Apa ndi pamene anthu amagwera m'mayesero, chifukwa kusintha pule ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Langizo linali loti tiyambe blower ikuzungulira mocheperapo poyerekeza ndi injini, boost ya 5 kapena 6 psi, ndipo tizisintha chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse n'kulemba m'kope. Ndikudziwa kuti kulemba si khalidwe lathu.

Za kumbuyo kwa injini anangodutsamo, koma n'zodula. Mphamvu ikachuluka, chofooka chimadziulula chokha: giyabokosi, shafuti kapena difu. Ambiri amathawira ku difu ya Ford 9-inch. Ndipo ngati matayala akungozungulira pamalo amodzi, mphamvu yonseyo yapita mu utsi. Nambala yoyamba kuyang'ana pa kapepala ka nthawi ndi ya mafiti 60 oyambirira. Malamulo a NHRA, bungwe la mpikisano wa drag ku America limene Wally Parks anayambitsa mu 1951, amafuna chipewa cholimba pa galimoto yomaliza m'masekondi 13.99 kapena kucheperapo, ndi roll bar, chitsulo choteteza dalaivala galimoto ikagubuduka, kuyambira pa 11.49. Ngati zitiyendera, malire achiwiriwo tikhoza kuwayandikira, choncho roll bar ilowe mu bajeti.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti ndalama zimene tinasungira blower zipite kaye ku mapisitoni, ma ring, pampu ya mafuta, geji ya wideband ndi ignition yotha kubweza timing. Tikamanga injini, tiithamangitse kaye yopanda blower kuti tikhale ndi nthawi zoyerekezera. Ndikudziwa kuti ena mukhumudwa, poti munkafuna kuona chitsulo chonyezimira pa boneti chaka chino. Zolemba zanga ndi zithunzi za pisitoni ija ndasiya kwa mlembi. Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi tiivotere pa msonkhano ukubwerawu, komanso tipeze anthu atatu odzathandiza kutsitsa injini.