Lipoti la msonkhano wokambirana za malonjezo amene amatsalira m'nyengo ya Khirisimasi

A Wapampando ndi mamembala anzanga nonse,

Munandituma kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa magulu ogwira ntchito mongodzipereka. Nkhani za ndalama ndi zisankho zinadutsa mwachangu. Imene inatidyera nthawi ndi yomwe tonse tikuidziwa: Disembala akafika, zomwe tinalonjeza, monga kuyendera odwala ndi kulemba malipoti, zimayamba kutsalira, ndipo pofika Januwale ena amachita manyazi n'kusiyiratu.

Wotiphunzitsa anakana kuti gwero lake ndi ulesi. Anati anthufe timachepetsa nthawi imene ntchito idzatenge, vuto lomwe Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analifotokoza mu 1979. Pa kafukufuku wa 1994 ku Canada, ophunzira apayunivesite ankayembekezera kumaliza zolemba zawo m'masiku pafupifupi 34, koma zinawatengera oposa 55. Nanga kuli bwanji alendo atadzaza nyumba, ana ali pa tchuthi?

Chimene ndikufuna muchimvetsetse ndi kafukufuku wa Peter Gollwitzer ndi Veronika Brandstätter wa 1997 ku Germany. Anapempha ophunzira kuti akalembe mmene anasangalalira usiku wolowera Khirisimasi, ndipo akatero pasanathe masiku awiri. Ena anauzidwa kuti asankhiretu nthawi ndi malo amene akalembere, ena sanauzidwe. Mwa osankhiratuwo, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse analembadi pa nthawi yake, pamene mwa enawo anali mmodzi yekha mwa atatu. Chidwi chinali chimodzimodzi, kutanganidwa kunali komweko. Kusiyana kunali pa "ndidzachita" ndi "ndidzachita Lachiwiri m'mawa ndisanatuluke". Ifetu pa misonkhano yathu timakonda mawu oyambawo, n'kuombera m'manja.

Anatchulanso Phillippa Lally, amene ali ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimakhazikika m'masiku pafupifupi 66, ngakhale ena 18 amawakwanira, ena mpaka 254. Kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni chizolowezicho. Chowononga ndi maganizo aja akuti "basi zawonongeka kale", omwe amachititsa munthu wophonya kamodzi kutaya mwezi wonse.

Panali kusagwirizana. Nthumwi zina zinati ndi bwino kuimitsa ntchito zonse mu Disembala n'kudzayambiranso chaka chatsopano. Ine ndinakana, ndipo ngati ndinapyola malire a zimene munandituma mudzandiuza. Odwala sapita kutchuthi, komanso anthu akabalalika kwa milungu ingapo, kuwasonkhanitsanso n'kovuta.

Choncho ndikupempha kuti tichepetse ntchito za Disembala mwadala, nyengoyo isanafike, osati kudikira kuti zigwe zokha. Aliyense atenge ntchito imodzi imene angaikwanitse ngakhale pa sabata yovuta, auze mlembi tsiku, ola ndi malo, atchulenso mnzake womugwirira akalephera. Wophonya asauzidwe kuti abweze kawiri sabata yotsatira, chifukwa ngongole yotero ndi imene imathawitsa anthu. Angopitiriza pa tsiku lake lotsatira.

A Wapampando, ndingakonde kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo aliyense adzabwere atasankha kale tsiku lake. Zikomo ponditumako.