Kwa a manijala: khadi la pa thireyi yanu linanama, mwana wanga anakathera kuchipatala

Kwa a Manijala,

Ndikulemba kalatayi ndili muhotela, mwana wanga akugona pambali panga apa milomo ikadali yotupa pang'ono, ndiye mundikhululukire ngati mawu ena atuluke okalipa. Ndalemba m'Chichewa dala chifukwa munthu ukakwiya chizungu chimathawa mkamwa, yachizungu akutumizirani mlamu wanga mawa pa imelo yomweyi, koma yanga yeniyeni ndi ino.

Tinabwera pa lesitilanti yanu ya ku London Loweruka lapitali cha mma 1 koloko masana, anthu atatu, ine, mwana wanga wamkazi wa zaka 14, ndi mlamu wanga amene tabwerera graduation yake. Tinachokera ku British Museum miyendo italema, njala itatipinda ndithu, ndipo poti mlamu wangayo sadya nyama anati tiyeni pa buffet ya zamasamba, aliyense akadzitengere zomwe maso ake akonda. Ine ndinavomera mwachangu chifukwa ndimaganiza kuti pamalo pomwe chakudya chili poyera, chilichonse chili ndi kakhadi kake kolemba zomwe zilimo, mwana wanga akhala otetezeka kusiyana ndi kumene amakubweretsera mbale yochokera kuseri osadziwa kuti aikamo chani. Kuganiza kumeneko ndi komwe kwandisowetsa tulo masiku atatu tsopano.

Mwanayu thupi lake limadana ndi mtedza wa cashew ndi pistachio kuyambira ali ndi zaka 4. Si zoti amangotuluka tiziwengo nkumakanda ayi, pakhosi pamatseka. Timayenda ndi majakisoni awiri a adrenaline mchikwama kulikonse, olo popita kokagula buledi. Nde tisanakhale nkomwe pansi ndinapita pa kauntala, ndinamuuza mnyamata amene analipoyo bwinobwino, kawiri, mpaka ndinamuonetsa pa foni mawu oti cashew kuti asanamizire katchulidwe kanga. Iye anangomwetulira nkuti musadandaule madam, kuno zonse ndi zamasamba, palibe vuto. Ndinamuuza kuti achimwene sindikufunsa za nyama, cashew si mbuzi, amamera mumtengo, ndiwamasambanso ameneyo. Anaseka, kenaka nkundilozera timakhadi tomwe tili kutsogolo kwa thireyi iliyonse, ati muziwerenga pamenepo zonse talemba.

Ndinawerengadi. Thireyi iliyonse ndinaima, magalasi pamphuno, anthu akundidutsa ndi mbale zawo ena akundiyang'ana ngati ndabwera kudzachita kafukufuku. Mpunga, dal, chapati, sipinachi ya paneer yomwe munalemba kuti muli mkaka, kolifulawa ndi mbatatesi zomwe munalemba mustard. Pa korma munalembadi kuti muli cashew, ndinamuuza mwana kuti iyo usayandikire olo fungo. Thireyi yachitatu kuchokera kumapeto khadi lake limati ndiwo zosakaniza za msuzi wa kokonati, vegan, ndipo pa mzere wa allergy panali mustard basi. Ulendo woyamba anatenga zimenezo, anadya, osamva kanthu, anazikonda mpaka anati amayi ndikatengenso.

Apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge mofatsa, ngati nkotheka muyang'anenso kamera yanu yomwe ili pamwamba pa buffet, nthawi yake inali cha mma 1:40. Pamene mwana amanyamuka kukatenga kachiwiri, mtsikana wina wa kukhitchini anali atangochotsa thireyi ija itatha, nkuikapo ina yodzadza. Ine ndinaona ali kusintha, ndinaonanso kuti msuzi wake ukuoneka woyererako komanso wolemera kusiyana ndi woyamba uja, koma khadi linali lomwe lija, malo omwe aja, nde ndinangoti mwina aonjezera kokonati. Ndimadziimba mlandu pamenepo, sindikubisa. Koma ine ndine mlendo, sindingadziwe mapoto anu ndi maso, ntchito ya khadi ndi imeneyo. Cashew wa mumsuzi wotere saoneka, amamunyika m'madzi nkumupera mpaka akhale ngati phala losalala kuti msuzi ugwirane, palibe kachidutswa koti munthu angakatole ndi sipuni nkuti eee ichi nchani. Amene amadziwa ndi shefu yekha ndi khadi lomwe walemba.

Masipuni atatu okha. Anandiuza kuti lilime likuyabwa, ndisanayankhe nkomwe milomo inali itayamba kukula, makutu ofiira, ziwengo zikutuluka m'khosi ndikuona ndi maso anga ngati wina akuzijambula, kenaka mawu anasintha, anayamba kulankhula mosasa ngati nkhalamba ya chifuwa. Ndinamugoneka pansi pomwepo pakati pa matebulo, miyendo pamwamba pa mpando, ndinamubaya jakisoni pantchafu kupyoza jinzi, mlamu wanga akuimba 999 nkumanena mawu oti anaphylaxis, dzina la allergy yoopsa yotseka pakhosi imeneyi, monga anatiphunzitsira adokotala. Manja anga amanjenjemera moti chivindikiro cha jakisoni chinandipulumuka nkukagwera pansi pa tebulo la anthu ena, mpaka pano sindikudziwa kuti ndinabaya bwanji.

Ndipo antchito anu? Mmodzi anabwera ndi kapu ya madzi. Wina anabwera nkumati timudzutse mwanayo akakhale pa mpando wa panja apitidwe mphepo chifukwa tatseka njira ya ku buffet. Abale, munthu wa anaphylaxis samuimika, magazi amatha kutsika mwadzidzidzi nkukomoka, izi zalembedwa ngakhale pa tsamba la bungwe lanu la zaumoyo la NHS lomwe aliyense angawerenge ulere. Ndinamukalipira, ndipo sindikupepesa. Amene anatithandiza anali mayi wina kasitomala ngati ife, anagwada nane pansi, akuyang'ana wotchi kuti pakatha mphindi 5 osasintha tibaye wachiwiri. Mwamwayi mpweya unayamba kubwerera tisanafike pamenepo, ambulansi nkufika.

Nthawi yonseyi thireyi ija inali pomwepo, khadi lake lomwe lija, anthu akutengabe. Mlamu wanga ndi amene anapita kukafunsa kuti kodi muli chani umu, ndipo shefu atatuluka ananena yekha pamaso pa anthu kuti za kokonati zinatha ndiye anangothiramo korma yotsala kuti malo asakhale opanda kanthu. Ananena ngati nkhani yaing'ono, ngati wasintha mtundu wa nsalu ya patebulo. Mlamu anajambula khadilo ndi thireyi yake pa foni musanalichotse, chithunzi chili ndi nthawi yake, ndachiphatikiza pa imeloyi.

Tsono chomwe chinandimaliza ndi ichi. A ambulansi akumukweza mwana, ine chikwama kumanja nsapato za mwana kumanzere, mnyamata wa pa kauntala uja anathamangira mlamu wanga pakhomo ndi kamakina ka khadi la ku banki. Eti bilu. Anthu atatu pa £16.95 aliyense, £50.85, kuonjezerapo service charge ya 12.5%, zonse £57.21. Mlamu poti mutu sunali kugwira anangogunditsa khadi nkuthamangira ambulansi. Risiti ndili nayo apa. Service yake iti kodi? Mbale tinatenga tokha, chakudya tinadzigawira tokha, madzi tinakatunga tokha pa jagi, ntchito imodzi yokha yomwe tinakupemphani inali yotiuza zoona za zomwe zili mumphika ndipo imeneyo ndi yomwe inakukanikani. Ndikudziwa kuti ku London kuno malo ambiri amaika 12.5% imeneyi ndipo munthu ukhoza kukana, koma ndani amakhala ndi nthawi yowerenga risiti mwana ali pa machira.

Kuchipatala anatisunga mpaka usiku, ati vutoli limatha kubwereranso patapita maola angapo olo munthu akuoneka kuti wachira. Anamwino anatisamalira bwino, pamenepo ndilibe mawu. Chakudya cha madzulo chomwe banja linakonza chokondwerera mlamu wanga sitinapiteko, mwini graduation anathera pa benchi ya chipatala atavala suti.

Usiku umenewo tulo kunalibe nde ndinakhala ndikuwerenga malamulo a dziko lanu lino pa foni, ndipo ndapeza kuti sindikupempha chifundo ayi. Kuyambira mu December 2014 malo aliwonse ogulitsa chakudya kuno, olo chosakulunga ngati cha pa buffet, akuyenera kupereka uthenga woona pa zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu a allergy, ndipo mtedza wa m'mitengo monga cashew, almond ndi pistachio uli pa mndandandawo pamodzi ndi mkaka, mazira, sesame, soya, mustard, gluten ndi zina. Lamulo limalola kuti munene pakamwa kapena mulembe, koma chomwe mwanenacho chikhale cholondola. Inu munalephera mbali zonse ziwiri, wapakamwa anati zonse ndi zamasamba, cholembedwa chinali cha chakudya china. Ndinawerenganso za mtsikana uja Natasha Ednan-Laperouse, wa zaka 15, amene anamwalira mu 2016 atadya buledi wokhala ndi sesame yemwe anagula pa bwalo la ndege la Heathrow, mpaka dziko lino linakhwimitsa lamulo la zakudya zokulungiratu mu October 2021. Chaka chimodzi chokha kusiyana ndi mwana wanga. Mu 2016 momwemo mwini lesitilanti wina ku North Yorkshire anagamulidwa zaka 6 kundende kasitomala wake atamwalira ndi curry yomwe munali mtedza chonsecho anali atanena kuti asaikemo. Nde musandiuze kuti nkhanizi ndi zachilendo kwa inu, mumazidziwa kuposa ine amene ndangobwera ndi visa ya masabata ochepa.

Vuto lomwe ndaona pa malo anu, ndinene mosapsatira, ndi loti mawu oti vegetarian mwawasandutsa chishango. Antchito anu akuganiza kuti poti mulibe nyama ndiye kuti chakudya chanu sichingapweteke munthu, chonsecho khitchini yopanda nyama ndi yomwe imadalira kwambiri mtedza, mkaka, soya ndi sesame kuti ndiwo zikome ndi kukhutitsa. Komanso masipuni anu ogawira amangoyendayenda, ndinaona bambo wina akutenga sipuni ya mu korma nkukatengera mpunga, nkuisiya momwemo, palibe wantchito anaona kapena kusintha. Ine ndinachita kumutengera mwana mpunga wa pakona pomwe sipuniyo sinafike, chonsecho zoopsa zikudikira kwina.

Chakudya chanu nchokoma, zimenezo sindingakane, dal ija ndinabwereza kawiri ndipo mlamu wanga ati wakhala akudya kwanuko zaka zonse za sukulu yake. Nchifukwa chake zikundiwawa kwambiri, iyeyo akudziona ngati ndi amene anatitengera ku ngozi, wakhala akupepesa kuyambira Loweruka ngati analemba khadilo ndi iye.

Zomwe ndikufuna ndi izi. Mubweze £57.21 yonse ku khadi la mlamu wanga, osati voucha yodzadyeranso kwanuko chonde, ameneyo angakhale matukwana. Mulipire jakisoni watsopano wolowa mmalo mwa amene tinagwiritsa ntchito, chifukwa sindingakwere ndege ya maola ambirimbiri ndi jakisoni mmodzi, risiti ya ku pharmacy ndidzakutumizirani pamodzi ndi ya taxi yochokera kuchipatala. Mundilembere, osati kuimba foni, kundifotokozera kuti zinatheka bwanji kuti korma ilowe pa malo a chakudya china khadi osasintha, ndani amayenera kuona zimenezo, ndipo mwasintha chani kuyambira tsiku lija. Munditumizirenso pepala lanu la allergy la zakudya zonse za tsiku limenelo, adokotala a mwanayu akufuna kudziwa ngati munalinso mtedza wina kupatula cashew. Mnyamata wa pa kauntala ndi mtsikana wa thireyi uja musawachotse ntchito nkumati mwakonza zinthu, iwowo amachita zomwe anaphunzitsidwa kapena zomwe sanaphunzitsidwe, amene ndikulankhula naye ndi inu.

Ndikuuziranitu kuti nkhaniyi ndaitumiza kale ku khonsolo ya dera lanu kudzera pa tsamba la bungwe loona za zakudya la Food Standards Agency, ndi zithunzi zomwe, kaya mubweza ndalama kaya simubweza zimenezo sizisintha. Pa Google sindinalembe kalikonse, ndikudikira kaye yankho lanu.

Tikunyamuka Lachisanu sabata yamawa usiku. Yankho lifike pa imelo ino lisanakwane tsiku limenelo, likachedwa mlamu wanga atsala konkuno ndipo makalata onse a kuchipatala ali nawo ndi iye.

Ndine,
Mayi wa mtsikana amene anagona pansi pakati pa matebulo anu Loweruka masana