Mu filimu ya makatuni, nyimbo aimbe ndani?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiikepo mlomo pa mtsutso umene umabuka kawirikawiri pakati pa achinyamata amene ayamba kupanga mafilimu a makatuni pa makompyuta awo. Ena amati filimu yotere imakoma atengambali akamatsegula pakamwa n'kuimba okha. Ena amati zimenezo n'zachibwana, bola nyimbo izimveka kumbuyo nkhani ikuyenda. Maganizo anga ndi akuti mtengambali aimbe pokhapokha ngati kuimba kwakeko kukusintha kanthu m'nkhani. Ngati pomaliza nyimbo zinthu zili momwe zinalili poyamba, nyimboyo ipite kumbuyo, kapena ichotsedwe.

Tiyambe ndi masamu, poti ambiri amayamba ndi maloto. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi zitatu ndi masekondi 180, kutanthauza zithunzi 4,320. Ojambula ndi manja nthawi zambiri amaonetsa chojambula chimodzi kawiri, ndiye zimatsika kufika 2,160. Tiyerekeze kuti wojambula akumaliza zojambula 30 patsiku: amenewo ndi masiku 72 pa nyimbo imodzi, pa mtengambali mmodzi, magetsi osathima ngakhale tsiku limodzi. Muonjezepo anzake anayi ovina kumbuyo kwake, muona kuti chaka chatha filimu isanafike pakati.

Ntchito yowawa ili pakamwa. Polankhula, mtengambali amakwanira ndi maonekedwe a pakamwa 6 mpaka 9: milomo yotseka ya m, b ndi p, mano okhudza mlomo wapansi a f ndi v, lilime la l, ndi mavawelo athu asanu. Mapulogalamu aulere monga Papagayo ndi Rhubarb Lip Sync amathandiza kuika maonekedwewa pamalo pake, ngakhale pa Chichewa umayenera kubwereramo ndi manja. Koma kuimba n'kwina. Woimba akakoka mawu masekondi awiri, zimenezo ndi zithunzi 48 za pakamwa poyasama. Mukangosiya chojambula chimodzi chili njo, nkhope imafa, amaoneka ngati chidole chimene wina waiwala kuchipukusa. Pamafunika chibwano chizinjenjemera pang'ono, nsidze zizikwera mawu akamakwera, chifuwa chizitsika mpweya ukamatha. Asanayambe mzere, mtengambali akoke mpweya kwa zithunzi 6 kapena 8, mapewa akwere. Milomo ikatseka pa m kapena mb, ikhale yotseka zithunzi ziwiri, apo ayi diso siliona kuti yatseka. Ndipo pakamwa pazitsogola mawu ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri. Pakatsalira, ngakhale mwana wa sitandade 1 amaona kuti china chake chalakwika, ngakhale sanganene kuti n'chiyani.

Chifukwa chake nyimbo yoimba mtengambali imajambulidwa mu situdiyo pensulo isanagwire pepala. Dongosolo lake ndi ili: mawu ndi maimbidwe zimalizidwe, woimba ajambulidwe akutsatira m'makutu kugunda kosunga liwiro la nyimbo kumene amakutcha click, kenako wina akhale pansi kulemba silabulo iliyonse pa nambala ya chithunzi chimene ikuyambira. Liwiro la nyimbo lisankhidwe logwirizana ndi zithunzi. Pa zithunzi 24, kugunda 120 pa mphindi kumagwa pa chithunzi cha 12 chilichonse, 96 pa cha 15, 144 pa cha 10. Ngati mukupangira wailesi ya kanema ya kuno imene imayendera zithunzi 25 pa sekondi, tengani 100 kapena 125. Mukasankha liwiro la chisawawa monga 113, phazi la wovina lizifika pansi ng'oma italira kale, ndipo mudzakhalira kukonza masitepe amodziamodzi. Choopsa kwambiri n'kusintha vesi zojambula zitayamba. Mawu amodzi okha akasintha, ntchito ya sabata yapita m'madzi.

Nyimbo yakumbuyo ilibe goli limeneli. Ikhoza kubwera zithunzi zitatha, ikhoza kufupikitsidwa, ikhoza kusinthidwa yonse. Kampani ya Pixar popanga Toy Story mu 1995 inakana kuti zidole ziziimba, ndipo Randy Newman ndiye anaimba pamwamba pa zithunzi. Onani pamene Buzz, mmodzi wa atengambali ake, wazindikira kuti ndi chidole chabe. Akukwera pa chitsulo cha masitepe, akutambasula mapiko, akudumpha kulunjika pa windo, n'kugwa pansi mkono kuguluka. Iye saimba. Nyimbo ndiyo ikunena zimene zili mumtima mwake. Akanati atsegule pakamwa kuimba ali m'malere, anthu akanaseka pamalo polira. Mtengambali wodzimva ngati ameneyu saulula kufooka kwake pagulu, ndiye wina ayenera kumunenera.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Funso loyamba ndi lakuti: kodi munthu ameneyu, ndi khalidwe limene tamupatsa, angaimbe zimenezi? The Lion King ya mu 1994 inagwiritsa njira zonse ziwiri, ndipo inadziwa poika iliyonse. Pa chiyambi, pamene Lebo M wa ku South Africa akufuula m'Chizulu dzuwa likutuluka, palibe nyama imene ikutsegula pakamwa. Nyimboyo ndi ya dziko lonse, si ya njovu kapena mbidzi. Koma mwana wa mkango wofunitsitsa ufumu akuimba yekha, chifukwa kudzitama ndi khalidwe lake, ndipo nyimboyo ikugwiranso ntchito: ndi njira yozembera mbalame imene yatumidwa kumuyang'anira. Nyimbo ikutha, anawo athawa, nkhani yasuntha. Nyimbo yachikondi ya mufilimu yomweyo poyamba anafuna kuti aimbe yonse anzake awiri anthabwala a mkangowo, Timon ndi Pumbaa, koma Elton John, amene anapeka maimbidwe ake, anakana, ndipo mbali yaikulu inapita kwa mawu akumbuyo, anthabwalawo n'kungotsala koyambirira ndi kumapeto.

Sindikunena kuti kuimba kwa atengambali n'kotsika. Pamene kwagwira, palibe chofanana nako. Opeka nyimbo Howard Ashman ndi Alan Menken atabweretsa luso la zisudzo zoimba ku Disney ndi The Little Mermaid mu 1989, anaika koyambirira nyimbo imene mpangankhani akunena chimene mtima wake ukufuna, kuti oonera amukonde ndi kumutsata mpaka kumapeto. Opanga Frozen ya mu 2013 anena poyera kuti Elsa poyamba anali woipa wa m'nkhani, ndipo atamva nyimbo yake ya Let It Go anailembanso nkhaniyo. Koma taonani zimene zikuchitika pa zithunzi nyimboyo ikuimbidwa: akutaya gulovu, akumasula tsitsi, akuponya chisoti chaufumu, akumanga nyumba yake. Wolowa m'nyimbo ndi wina, wotuluka ndi wina. Mafilimu otsanzira amatenga kuimbako n'kusiya kusinthako, ndiye mumapeza kalulu waima pa chulu mphindi zitatu kutiuza kuti ali ndi njala, chinthu chimene tinachiona kale pa sekondi yoyamba.

Tsopano za ife eni. Mtsutsowu makolo athu anaudula kalekale m'nthano. Wokamba akati “Padangokhala,” ife “Tilitonse,” nyimbo imene imabwera pakati siimba wokamba ngati iye mwini, amaimba m'malo mwa mtengambali: mbalame imene yaona munthu akuphedwa kuthengo, mwana amene watsekeredwa m'ng'oma, mtsikana amene akuitana mayi ake kutsidya kwa mtsinje. Nyimboyo ndi yaifupi, mizere iwiri kapena inayi, ili ndi mbali yoyankha omvera, ndipo imabwera kangapo. Koyamba anthu a m'nkhani saimvetsa, kenako amayamba kukayika, mpaka chinsinsi chimaululika. Mawu ndi omwewo, kulemera kwake ndiko kumasintha. Coco ya mu 2017 inayenda njira yofanana: nyimbo imodzi imveka ngati ya phokoso pa siteji, kenako ngati ya bambo kutonthoza mwana, pomaliza ngati ya mdzukulu kukumbutsa gogo amene waiwala zonse.

Kwa situdiyo ya anthu atatu ku Ndirande kapena ku Area 25, njira ya nthanoyi ndiyo yotheka. Nyimbo ya masekondi 20 ndi zithunzi 480, kapena zojambula 240. Mukaijambula bwino kamodzi, ulendo wachiwiri mungagwiritsenso thupi lomwelo n'kungosintha maso, kuwala ndi malo. Ulendo wachitatu simuyeneranso kuonetsa pakamwa: kamera ikhale pa nkhope za amene akumva, mawu azichokera kumtengo. Pamenepo nyimbo ndi ya mtengambali, koma mtengo wake ndi wa nyimbo yakumbuyo. Mbali yoyankha isiyireni ana oonera, adzayankha okha.

Chichewa chili ndi misampha yake imene wolemba nyimbo ayenera kuidziwa. Mawu athu ali ndi kukwera ndi kutsika kumene kumasiyanitsa tanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Maimbidwe akakwera pamene mawu amatsika, omvera amadodoma, ndipo pamene akuganiza kuti wati chiyani, mzere wotsatira wawadutsa. Lankhulani mzerewo mokweza kaye, mumve pamene ukukwera, maimbidwe atsatire pamenepo. Komanso timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. Woimba akakoka yomaliza chifukwa chotsanzira nyimbo zakunja, Chichewa chimamveka ngati cha mlendo. Ubwino wake ndi wakuti masilabulo athu amathera pa vawelo, ndiye n'ngosavuta kukoka ndiponso kujambula pakamwa pake.

Nkhani ya zilankhulo imakondera nyimbo yakumbuyo. Filimu yopangidwa m'Chichewa mungafune kuti mawa imveke m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chingerezi. Ngati mtengambali akuimba, womasulira ali pa mpanipani wa zinthu zitatu: tanthauzo, chiwerengero cha masilabulo, ndi malo amene milomo yatseka. “Ndimakukonda” ndi masilabulo asanu pamene Chingerezi chake ndi atatu, ndiye awiri otsalawo muwaika kuti? Pa Tarzan ya mu 1999, nyimbo zambiri anaimba Phil Collins kumbuyo, ndipo iye mwini anaziimbanso m'Chifalansa, m'Chijeremani, m'Chitaliyana ndi m'Chisipanishi popanda pakamwa pa nyani aliyense kusinthidwa. Kuti zimenezi zitheke, sungani mafayilo padera: mawu a woimba paokha, zida paokha, zolankhula paokha, phokoso la zochitika palokha, zonse pa mulingo wojambulira mawu wa 48 kHz. Amene amasunga fayilo imodzi yosakaniza kale amadzalira tsiku lomasulira.

Komabe nyimbo yakumbuyo ili ndi matenda ake, ndipo ndi amene afala kwambiri. Loyamba ndi kuika nyimbo ya mawu pansi pa anthu amene akulankhula. Khutu silitsata ziganizo ziwiri nthawi imodzi. Kutsitsa voliyumu sikuthetsa vutoli, chifukwa mawu a woimba ndi a wolankhula akulimbirana malo amodzi. Pamene pali zolankhula, pakhale zida zokha. Lachiwiri ndi nyimbo yobwereza zimene maso akuona: mwana akuthamanga, woimba n'kumati akuthamanga. Nyimbo inene chimene chithunzi sichingathe kunena, monga chifukwa chimene akuthamangira kapena amene wamusiya m'mbuyo. Nthawi zina mawu safunika n'komwe. Chiyambi cha Up ya mu 2009 chimaonetsa moyo wonse wa banja, ukwati mpaka maliro, m'mphindi zinayi ndi pang'ono, ndi zida za Michael Giacchino zokha.

Lachitatu ndi kutola nyimbo yotchuka ya pa wailesi n'kuiponya mufilimu. Nyimbo yotere imabwera ndi katundu wake: oonera amakumbukira ukwati umene anavinako m'malo motsata nkhani yanu. Ndipo ili ndi eni ake awiri, amene anaipeka ndi amene ali ndi umwini wa zojambulidwazo. Onse awiri ayenera kuvomera polemba. Lamulo la zaumwini la 2016 lilipo, bungwe la Cosoma lilipo loti n'kufunsako, ndipo YouTube ikhoza kutseka filimu yanu kapena kupereka ndalama zake kwa mwini nyimbo. Ngakhale woimbayo ndi mnzanu wa kutchalitchi, lembani pepala lonena zaka, mayiko ndi malo amene nyimboyo idzaonetsedwe.

Pomaliza kusakaniza mawu, kumbukirani kuti oonera ambiri adzaonera pa foni. Kasipika ka foni sikatulutsa mawu a ng'oma yaikulu kapena besi, ndiye nyimbo imene mphamvu yake yagona pamenepo imasanduka mphepo. Kalimba, visekese, mangolongondo, gitala ndi m'manja zimadutsa bwino.

Pali njira yotsika mtengo yodziwira ngati nyimbo ikhale pakamwa kapena kumbuyo. Musanajambule zenizeni, lumikizani zithunzi zapensulo zosayenda ndi mawu ongoyeserera, chimene amachitcha animatic. Pangani mitundu itatu ya gawo lomwelo: wina mtengambali akuimba, wina nyimbo ili kumbuyo, wina wopanda nyimbo. Onetsani magulu atatu osiyana a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, pa foni, osawafotokozera kanthu. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzavomera chifukwa cha ulemu. Afunseni kuti chachitika n'chiyani, ndipo mtengambaliyo akufuna chiyani. Lembani sekondi imene maso awo achoka pa foni. Ngati gulu limene laonera mtundu wopanda nyimbo lafotokoza nkhani mofanana ndi enawo, masiku 72 aja apulumuka, apite ku gawo lina.

Mphunzitsi wa zojambula,
Blantyre