Lipoti la msonkhano wa opanga maloboti omenyana: hydraulic kapena injini ya petulo

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa opanga maloboti omenyana a gulu la maloboti olemera kwambiri, womwe unachitikira kuno ku England, kuti ndikamve ngati chida cha loboti yathu tichiyendetse ndi hydraulic (mphamvu ya oyilo wopanikizidwa) kapena ndi kainjini ka petulo. Maganizo omwe ndabwera nawo ndi awa: hydraulic inde, koma pampu yake izizunguzidwa ndi mota ya batire. Za petulo tiyambe taziika pambali.

Zonse zikuyambira pa sikelo. Kuno malire a kulemera kwa loboti ndi makilogalamu 110, pomwe ku mpikisano wa BattleBots ku America ndi mapaundi 250, pafupifupi makilogalamu 113. Kilogalamu iliyonse yopita ku injini kapena ku oyilo yachotsedwa ku zitsulo zoteteza. Ndewu nayo ndi ya mphindi 3 basi.

Pa hydraulic ndi pomwe tinakhalitsa. Bambo wina anatsegula loboti yake patebulo, tonse tinaunjikana kuona mota, pampu, kathanki ka oyilo, mavavu ndi silinda imodzi yokankha mlomo wachitsulo. Kagwiridwe kake ndi ka jeke yokwezera galimoto. Anatilembera masamu ake pakatoni: oyilo wopanikizidwa kufika ma bar 200 (bar ndi muyeso wa kupanikizika) akamakankha pisitoni ya masentimita 5 m'mimba mwake, mphamvu yake imafika matani 4. Pamenepo ambiri tinagwedeza mutu mokondwa. Kenako anapitiriza. Kuti pisitoniyo iyende masentimita 15 pamafunika oyilo pafupifupi malita 0.3, ndiye ngati pampu ikupopa malita 6 pa mphindi, kuluma kamodzi kukutenga masekondi atatu, mota ikudya makilowati awiri. Masekondi atatuwo mdani sakhala phee kukudikira. Ukafuna liwiro ukulitse pampu ndi mota, sikelo nayo ikwera.

N'chifukwa chake maloboti oluma amadalira kwambiri woyendetsa. Razer, loboti ya Ian Lewis ndi Simon Scott, inakhala katswiri wa mpikisano wa pa TV wa Robot Wars chifukwa inkayamba yalowetsa mphuno yake pansi pa mdani, n'kumugwira, mlomo n'kumatsika pambuyo. Quantum ya James ndi Grant Cooper a ku Birmingham imatsata njira yomweyo. Hydra ya Jake Ewert inathana ndi vuto la liwiro mwa njira ina: imasunga mphamvu mu accumulator, chosungira oyilo wopanikizidwa, n'kuitulutsa yonse nthawi imodzi, mdani n'kuuluka m'mwamba. Imeneyo ndi ntchito ya akadaulo, ife tisaithamangire.

Chimene bamboyo anatsindika ndi mapaipi. Anatipatsa paipi ina yong'ambika pafupi ndi polumikizira kuti tiigwire, mawaya a m'kati ali yakayaka. Paipi imodzi ikaphulika chida chafa, oyilo ali ponseponse m'bwalo, matayala akungoterereka. Komanso oyilo wotuluka pakabowo kakang'ono ndi mphamvu yotere amaboola khungu, choncho podontha sitifufuza ndi chala. Vavu yochepetsa mphamvu ikapyola muyeso ndi yosakambirana.

Okonda petulo sanakhale chete, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Kilogalamu ya petulo ili ndi mphamvu yoposa kilogalamu ya batire la LiPo (mtundu wa batire la lithium) maulendo makumimakumi. Onse ankatchula Icewave ya Marc DeVidts, yomwe injini yake ya petulo imazunguza mpeni waukulu, ndipo mu 2018 inadula loboti yotchedwa Vanquish pakati. Phokoso lake lokha anthu amaimirira. Koma mavuto ake anawatchula okha. Loboti ikagadabuzika, kabureta wamba amazimitsa injini, ndiye pamafunika wa mtundu wa mu chainsaw, wogwira ntchito ngakhale chadodolido. Injini ikazima pakati pa ndewu palibe wolowa m'bwalo kukakoka chingwe, pokhapokha uikemo sitata, komwe ndi kulemera kwina. Pulagi ya injini imatha kusokoneza wailesi yowongolera, ndipo oyendera maloboti amafuna kuona injini ikuzima kapena kutsika yokha wailesiyo ikaduka. Kwa ine, mwayi wa petulo ndi wa ntchito ya tsiku lonse. Pa mphindi 3, batire likukwana, ndipo mota zamagetsi za masiku ano za mtundu wa brushless zimanyamuka pomwepo ukangogwira batani.

Pempho langa ku komiti ndi loti tiyambe ndi silinda imodzi, pampu ya magiya ndi mota ya batire, tiziyese pabenchi zisanalowe m'loboti. Mapaipi ndi zolumikizira tigule zatsopano, zolembedwa muyeso woposa womwe tizigwiritsa ntchito, ngakhale pampu ndi silinda titazipeza zakale. Msungichuma abwere ndi mitengo pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo tisankhiretu woyendetsa kuti ayambe kuphunzira ndi loboti yopanda chida.

Zikomo,
Nthumwi yanu