Apongozi akufuna kukaona kwawo ku Likoma, koma chipinda m'sitima n'chimodzi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Ena aona ngati nkhani yangayi ndi ya anthu okhuta, koma ine yandisowetsa tulo.

Apongozi anga aamuna anabadwira pachilumba cha Likoma mu 1946. Anachokako ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo chimwalirireni mayi awo sanapondekonso. Pano maso ayamba kuchita nkhungu, mawondo akukana, shuga nayo ili pomwepo. Madzulo akakhala pakhonde nkhani imakhala imodzimodzi: tchalitchi cha St Peter's chomwe anabatizidwiramo, chija amishoni a Anglican anayamba kumanga pa Chipyela mu 1903, milambe ya m'njira yotsikira ku Mbamba, ndiye Ilala. Sitima imeneyo amaikamba ngati mbale wawo. Amati anaiona ili nyuwani mu 1951 iwo ali ndi zaka 5, ndipo sasiya kuwauza ana kuti inabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa kunyanja konkuno.

Tsiku lina ndikupeta mpunga kuseri kwa nyumba, ndinawamva akuuza mwana wawo kuti, "Ndikanakonda adzukuluwa akaone kwathu maso anga asanatsekeke." Lichero linandilemera m'manja. Usiku womwewo ndinawauza bambo a kunyumba kuti ndalama zanga za chipereganyu chaka chino zipita ku ulendo umenewu.

Poyamba tinali anthu 6: ife awiri, apongozi ndi ana athu atatu, wa zaka 17, wa 12 ndi chitsirizira wa zaka 3. Anawo ndi amene anakaulula kwa agogo awo aakazi ku Chiradzulu. Amayi anga anandilerera ana onsewa, ndipo nditadwala miyezi iwiri iwo ndi amene anagwira nyumba. Ndikanawasiya bwanji? Tinakhala 7. Palibe mmodzi wa ife, kupatula apongozi, anakwerapo sitima ya pamadzi.

Vuto lenileni ndi pogona. Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu ndipo pofika ku Likoma munthu umakhala utagona panyanja. Ndalama zomwe tili nazo zikukwana chipinda chimodzi cha mabedi awiri, ena tonse n'kugona pamwamba pa sitima, pamtetete. Bambo a kunyumba akuti m'chipindamo mugone bambo awo ndi iwowo, kuti aziwapatsa mankhwala ndi kuwaperekeza kuchimbudzi usiku. Zomveka ndithu. Koma ndiye kuti amayi anga, a zaka 69, agone pamphepo? Kuwaika asewere awiriwo m'chipinda chimodzi, inu nomwe mukudziwa kuti n'zosatheka, angakhale ali okalamba chotani. Nditangonena kuti mwina amayi agone m'chipindamo ndi kamwanaka, bambo anangoti, "Ulendowu ngwa ndani kodi?" Chiyambire tsiku limenelo tikungolankhulana za ndiwo ndi magetsi basi.

Amayi angawo madzi amawaopa zosasimbika. Tikamadutsa pamlatho wa Shire ku Liwonde amatsinzina, n'kugwira mpando wa minibasi mpaka titaoloka. Amati m'madzi mulibe pogwira. Komabe zotsala sakufuna kumva. Agula kale chitenje chatsopano, auzanso amvano anzawo onse kuti akupita kunyanja.

Palinso china chomwe ndikuchita nacho manyazi kuuza bambo. Zaka 19 zomwe ndakhala pabanjali, apongozi sanandionepo nditagona kapena ndilibe mpango kumutu. Nsima ndimawapatsira mogwada n'kuchokapo, sitinadyerepo pamodzi. Nanga m'sitima, momwe anthu mumangothithikana, ndikayamba chizungulire n'kusanza iwo ali pomwepo? Mwana wanga wamkulu anaseka nditamuuza, akuti zimenezo n'zachikale. Iye nkhawa yake ndi yakuti netiweki ikapezeka pakati panyanja kapena ayi.

Mlamu wanga wa ku Johannesburg analonjeza kuti alipira chipinda chachiwiri. Papita miyezi itatu, mauthenga pa WhatsApp akuwerenga koma kuyankha ayi. Bambo akuti tisamuumirize, zinthu zavuta kumeneko. Ine ndinaphunzira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye ndalama imeneyo sindikuiwerengeranso.

Nthawi nayo ikutipanikiza. Ana amakhala patchuthi chachitali mu Ogasiti, koma apongozi eni ake akuti imeneyo ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera ija yomwe imautsa mafunde akuluakulu. Akutinso m'madoko ena sitima imaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono. Ndikaganiza za mawondo awo, za amayi otsinzina aja ndi kamwana kosakhazikika kali kumsana, mtima umandithamanga. Disembala ndiye mvula, komanso ndi mwezi womwe kaunjika amayenda malonda, fizi ya Januwale ndi feteleza wa amayi zimachokera pamenepo. Tikati tidikire chaka chamawa kuti tisonkhe za zipinda ziwiri, wamkuluyu adzakhala akulemba mayeso a MSCE, ndipo adokotala sanatilonjeze kuti maso a apongozi adikira.

Mnzanga wa pamsika akuti ndisavutike, abambo awiriwo apite okha ndi ana akuluakuluwo, ine nditsale ndi amayi ndi kamwanaka, tidzapite ku Mangochi tsiku lina. Mwina akunena zoona. Koma ndalama ndi zanga, Azakhali, ndipo nanenso nyanja ndimangoionera pa TV. Komanso apongozi anati adzukulu, sanati ena mwa adzukulu.

Ndithandizeni. Chipinda chimodzichi chipite kwa ndani popanda wina kuona ngati kholo lake lachepetsedwa? Ngati n'koyenera kuti amayi atsale, ndikayambire pati kuwauza, chitenje atasoketsa kale?

Ine wothedwa nzeru,
Chilomoni, Blantyre