Khoti la asilikali ku Guantanamo lalephera, tisanamizane

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo. Tsiku lina tikucheza mnzanga wina anati munthu woganiziridwa kuti wapha anthu miyandamiyanda safunika loya, angomupereka kwa asilikali athane naye basi. Ukali wake ndimaumvetsa, anthu pafupifupi 3,000 kufa tsiku limodzi ngati pa chiwembu cha ku America cha pa 11 September 2001 si masewera ayi, koma taonani zomwe njira ya chidule imeneyi yabala.

Khalid Sheikh Mohammed, yemwe akuti ndi amene anakonza chiwembucho, anamugwira ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, mu March 2003. A CIA, akazitape a boma la America, anakamubisa n'kumamuthira madzi kumphuno ngati akumumiza, maulendo 183, ndiye mu 2006 ndi pomwe anamupititsa ku Guantanamo, ndende ya asilikali a America ya ku Cuba, kuti akazengedwe ndi asilikali. Mpaka pano mlandu weniweni sunayambe! Mwana amene anabadwa chaka chomwe anamugwiracho pano ali ndi ndevu, pomwe maloya angokhalira kukangana ngati zomwe munthu ananena atazunzidwa chonchija zingakhale umboni, ndipo kunena zoona ndi jaji uti angazilandire ndi mtima umodzi. Mu July 2024 anagwirizana kuti avomere mlandu bola asaphedwe, patangopita masiku awiri nduna ya zachitetezo ya America Lloyd Austin inathetsa mgwirizanowo, nkhani n'kukathera ku apilo. Anamfedwa akudikirabe.

Tsono yerekezani ndi Ahmed Ghailani wa kwa aneba athu ku Tanzania, wa mabomba a pa ofesi za kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam mu 1998 omwe anapha anthu 224. Anamuchotsa ku Guantanamo mu 2009 kupita naye ku khoti wamba ku New York, anali ndi maloya, jaji mpaka anakana mboni ina ya boma chifukwa dzina lake analipeza pomufinya Ghailaniyo. Anthu anakuwa kuti eee chigawenga chituluka. Chinatuluka kuti? Mu January 2011 anamugamula kukhala kundende moyo wake wonse, nkhani kutha.

China chomwe mnzanga uja amaiwala n'choti woganiziridwa nthawi zina amakhala si iyeyo. Ife tinazionera pakhomo pompano. Mu June 2003 amuna asanu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre ati ndi a gulu la zigawenga la al-Qaeda, High Court inaletsa kuwatulutsa m'dziko muno koma anawakweza ndege basi, chikhalirecho malamulo athu amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ku Mangochi mpaka kunabuka zipolowe. Patapita masabata angapo anthu aja anawamasula ku Sudan, popanda mlandu ndi umodzi womwe.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba