Kwa a hadiweya amene mukutigulitsa mapadi a sandipepa osalembedwa liwiro

Abwana, talemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa pa kauntala talankhula kangapo, ndipo anyamata anu amangoti "tiwauza abwana akabwera." Ndife akalipentala, owotcherera ndi okonza matupi a galimoto. Ena tili m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, ena ku Garden, ena timagula matabwa ku Buseko n'kukagwirira ku Matero. Dandaulo lathu ndi la mapadi akuda ogwirira sandipepa pa gilainda, amene mwawaunjika m'katoni imodzi pansi pa shelefu ya madisiki. Alibe pepala lofotokoza, alibe dzina la amene anawapanga, alibe nambala ya liwiro. Akumatuka, akuthawitsa pepala, ena akusweka ali pa makina. Koma aliyense wofunsa akuuzidwa kuti "imakwana pa gilainda iliyonse." Mawu amenewa si oona, ndipo tsiku lina adzachotsa munthu diso.

Gilainda yaing'ono ya 115 mm, imene ili pafupifupi m'shedi iliyonse mu Lusaka muno, imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi. Nambala imeneyi inalembedwa pa kachizindikiro ka pathupi pa makinawo, tengani imodzi pa shelefu yanu muwerenge. Pa liwiro limenelo, m'mphepete mwa padi mumathamanga mamita 66 pa sekondi, kumene ndi pafupifupi makilomita 240 pa ola. N'chifukwa chake madisiki a faiba (sandipepa yolimba yozungulira ya pa gilainda) a makampani odziwika amalembedwa 80 m/s, kutanthauza mamita 80 pa sekondi, ndipo pambali pake pamakhala malire ake: 13,300 rpm (kuzungulira pa mphindi imodzi) pa disiki ya 115 mm, pafupifupi 12,200 pa ya 125 mm, 8,500 pa ya 180 mm. Lamulo lake mmisiri aliyense amalidziwa: nambala ya pa padi ikhale yofanana kapena yoposa ya pa makina. Nanga padi yopanda nambala tiiyerekeza ndi chiyani?

Choopsa kwambiri n'chakuti m'katoni yanuyo mwasakanikirana mitundu iwiri. Muli mapadi a labala ogwirira disiki ya faiba, mulinso mapadi okhuthala a siponji ndi Velcro (nsalu ya timbedza togwira pepala), amene ambiri anapangidwira makina opolishira galimoto. Makina opolishira amayenda mofatsa, ambiri sapitirira 3,500 rpm. Mphamvu imene imakokera padi kunja ikamazungulira sikula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndiye padi ya 3,500 ikaikidwa pa gilainda ya 11,000, ikukokedwa pafupifupi kakhumi kuposa mmene inapangidwira. Ndipo pogwira ndi sandipepa ambiri amachotsa gadi, chifukwa padi sikwana mkati mwake. Chidutswa chikathothoka palibe choitchinga, chimapita kumaso kapena kwa mwana wodutsa m'mbali mwa msewu, poti mashedi athu ambiri ali panja.

Imodzi mwa mapadi a Velcro aja taidula pakati ndi sowo kuti tione mkati. Pamwamba pali mbale ya pulasitiki, pakati siponji, pansi nsalu ya timbedza togwira pepala. Nati yachitsulo imene imalowa pa shafuti (kachitsulo kozungulira ka makina komangirapo padi) ndi yosalala kunja konse, ilibe mano kapena phewa loti ligwire pulasitiki. Inangokanikizidwa. Pulasitiki ikatentha pang'ono, nati imayamba kuzungulira yokha mkati, padi n'kuima pamene makina akulira. Zikatero ngakhale kuichotsa ndi vuto, chifukwa ukapotoza padi nati imatsala pa shafuti, mpaka uswe pulasitiki yonse ndi kuigwira ndi pulayala. Guluu wa pakati pa siponji ndi nsalu sanapakidwe ponse. Ali m'madontho, ndipo cha m'mphepete, pamene pamafunika kugwira kwambiri, pali malo ouma okwana chala. Nsalu imayambira pamenepo kumatuka, mpweya umalowa, kenako imauluka pamodzi ndi pepala.

Kuyesa ngati padi ili pakati sikufuna chida chodula. Zulani pulagi ku magetsi, mangani padi, gonekani gilainda pa tebulo, gwirani pensulo pafupi ndi m'mphepete, muzungulitse padi ndi dzanja. Yabwino imakhudza pensulo mofanana kuzungulira konse. Zanuzi zimakhudza mbali imodzi, mbali ina n'kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena kuposa. Pa 11,000 mpata umenewo umasanduka kunjenjemera kumene kumachititsa dzanzi m'manja, kumasiya mizere yokumbika pa thabwa, ndipo kumadya beyaringi ya kumutu kwa gilainda. Padi yotsika mtengo ikupha makina amene mmisiri anasungira ndalama miyezi.

Tsopano za mazinga, pamene mawu aja oti "imakwana paliponse" akuwonongetsa zinthu zambiri. Magilainda ambiri a 115, 125, 180 ndi 230 mm ogulitsidwa kuno ali ndi shafuti ya M14, kutanthauza ya 14 mm m'mimba mwake. Aang'ono a 100 mm ambiri ndi M10. Opangidwira msika wa ku America ali ndi 5/8-11, imene ndi yokulirapo, pafupifupi 15.9 mm, ndipo mazinga ake ndi otalikirana kuposa a M14. M'katoni yanu muli mitundu yonse itatu, yosalembedwa. Padi ya 5/8 pa shafuti ya M14 imanyenga: imalowa kamodzi kapena kawiri ngati yagwira, kenako imalimba ili yopendekeka. Wosadziwa amaganiza kuti ndi utoto kapena dzimbiri, amakakamiza ndi sipanala, mazinga a shafuti n'kuphwanyika. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale nati yake yeniyeni ya disiki yodulira sigwiranso bwino. Palinso kuya kwa bowo. Pa mapadi ena nati ndi yaifupi, shafuti imatulukira kumaso n'kuboola pepala ndi kukanda thabwa. Pa ena bowo ndi lotseka, shafuti imafika pansi padi isanakhale pa phewa la makina, ndiye imagwedera ngakhale mazinga ali olondola. Zonsezi zimaoneka mu mphindi imodzi ngati wogulitsa ali ndi bawuti ya M14 ndi ya M10 pa kauntala.

Mapadi a labala a disiki ya faiba mukuwagulitsa opanda nati yake. Ichi chokha chikukwana kuti tidandaule. Padi imeneyi imabwera ndi nati yakeyake, yotambalala, imene imalowa m'dzenje la pakati n'kukanikiza disiki mpaka itabisala pansi pa nkhope ya pepala. Nati ya disiki yodulira ndi yokhuthala, imatuluka pamwamba, ndipo ukangogoneka gilainda pang'ono imalemba chitsulo kapena thabwa. Imagwiranso malo ochepa, ndiye disiki imang'ambikira pa bowo. Bowolo pa madisiki a 115 ndi 125 mm ndi 22.23 mm, pa a 100 mm ndi 16 mm, ndipo anyamata anu amapereka zosiyana osayang'ana. Padi iyenera kuchepa pang'ono kuposa disiki, mamilimita ochepa chabe. Ikachepa kwambiri, m'mphepete mwa disiki mumapindika ndi kung'ambika ikakola pa kona ya chitsulo, monga poyeretsa zowotcherera pa geti kapena pa felemu ya windo. Ikakula kuposa disiki, labala amapsa n'kusiya mzere wakuda umene sutuluka pa thabwa loyera.

Madisiki enieniwo mukuwasunga molakwika. Faiba imamwa chinyezi ndipo imauma ndi dzuwa. Ena mwawapachika pa windo, pamene dzuwa la Okutobala limawaomba tsiku lonse, ena ali pa simenti pansi nyengo ya mvula yonse. Onse apindika ngati chiwaya. Disiki yopindika sigona pa padi, ndipo ukaiwongola ndi manja imachita ming'alu yaing'ono imene imatseguka makina akathamanga. Malo ake ndi m'paketi yake, yogonekedwa pa shelefu youma, chinthu cholemera pamwamba.

Mbali yathu sitikubisa. Timbedza ta Velcro ndi ta nayiloni, ndipo timasungunuka ndi kutentha. Mmisiri akamakanikiza kwambiri, akamagwira ndi m'mphepete mokha, akamaumirira pepala lotha m'malo mosintha, kapena akakhudzitsa padi pa thabwa popanda pepala, timbedza timagona n'kukhala tosalala, ndipo pepala siligwiranso. Izi timaphunzitsa anyamata athu tsiku ndi tsiku: disiki ya faiba ipendekeke pang'ono, madigiri 10 mpaka 15, sanda yozungulira (makina osalazira) igone yonse, kulemera kwa makina kukwana, pepala lokhakhala la P60 kapena P80 poyamba, P120, kenako losalala la P180, osalumpha. Padi imene yaphedwa ndi dzanja timaidziwa, imanyezimira m'mphepete ndipo imanunkha kupsa. Koma padi yatsopano imene ikuthawitsa pepala la P80 pa paini mkati mwa mphindi khumi, timbedza take tili tathunthu, nsalu yonse itamatuka ku siponji, imeneyo si ya dzanja. Ndi ya fakitale, ndipo inu ndi amene munaibweretsa.

Pa masanda a magetsi ozungulira vuto ndi mabowo. Padi ya 125 mm kawirikawiri ili ndi mabowo asanu ndi atatu, ya 150 mm ambiri asanu ndi limodzi kapena ochulukirapo, ndipo ntchito yawo ndi kuyamwa fumbi kupita m'kathumba. Inu mukugulitsa padi ya mabowo asanu ndi atatu pamodzi ndi pepala lopanda mabowo, kapena la mabowo osakumana. Fumbi likasowa kopita limatsala pansi pa pepala. Pa paini limasakanikirana ndi utomoni n'kupanga timibulu tolimba, pepala limatentha, timbedza timapsa, ndipo timibuluto timalemba tizingelezingele pa thabwa. Pa thabwa louma tizingeleto sitioneka. Timaonekera vanishi ikalowa, makamaka pa mukwa, tebulo litatha kale, kasitomala ataima pomwepo. Kukonza kwake n'kupala vanishi yonse ndi kuyambiranso, ndipo masiku amene magetsi amabwera maola owerengeka, ntchito ya tsiku limodzi imadya atatu. Kumangirira kwakenso kumasiyana: masanda ena amagwira padi ndi masikuluu atatu, ena anayi, oyendera mpweya ambiri amalowetsa kabawuti ka 5/16 ya inchi pakati. Munthu akabwera ndi padi yakale m'manja, iikeni pamwamba pa yatsopano muone ngati mabowo akukumana musanalandire ndalama.

Timadiramu ta labala ta pa dirilo, tosalazira mkati mwa zopindika monga miyendo ya mipando, nato tili ndi vuto lake. Timagwira pepala chifukwa ukamanga nati, labala amafinyika n'kutupa. Labala wa tanuti wauma ngati mtengo, satupa, ndiye pepala limatsetsereka kupita m'mwamba. Ndipo timitengo take tina ndi 6 mm, tina 6.35 mm. Pa dirilo zilibe kanthu, koma pa kagilainda kowongoka kusiyana kumeneku kumachititsa kuti kamtengo kasalowe kapena kasagwire.

Chimene chatipweteka mtima kwambiri ndi yankho la pa kauntala tikabweza. Amatilozera chikwangwani chonena kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Abwana, lamulo la dziko lino loteteza ogula, Competition and Consumer Protection Act ya 2010, limaletsa kuika zikwangwani zokanira udindo ngati chimenecho, limaletsanso kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera ntchito imene wagulidwira. A CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, amalandira madandaulo otere. Sitinapiteko, chifukwa takhala tikugula kwa inu zaka zambiri, misomali, guluu, mahinji, vanishi, ndipo tikufuna tizigulabe. Zinthu zina mumabweretsa zabwino, n'chifukwa chake tikudabwa kuti pa chinthu chozungulira pafupi ndi nkhope ya munthu mwasankha chosadziwika kumene chachokera.

Chotsani katoni ija pa shelefu lero, isadikire kutha. Funsani amene amakubweretserani katundu akupatseni mapadi olembedwa pathupi pake kukula, mazinga ndi malire a liwiro, osati pa katoni yakunja yokha imene imatayidwa. Ngati akwera mtengo, akwere, tidzagula, chifukwa beyaringi ndi shafuti n'zodula kuposa pamenepo. Mapadi opolishira akhale pa shelefu ina, kutali ndi magilainda, ndipo a faiba azituluka ndi nati yake m'paketi imodzi. Anyamata a pa kauntala aphunzitseni kufunsa mafunso atatu asanapereke kanthu: makina ake ndi otani, shafuti yake ndi iti, akusalaza chiyani. Ngati mulibe wowaphunzitsa, mmodzi wa ife akhoza kukhala nawo ola limodzi popanda malipiro.

Loweruka likubwerali m'mawa tibwera ndi mapadi onse owonongeka, kuphatikizapo yodulidwa pakati ija, ndi malisiti a amene anasunga. Tibweranso ndi magilainda awiri, ya M14 ndi ya M10, ndi pensulo, kuti tiyese zotsala m'katonimo inu mukuona, pulagi ili yozula. Tikupempha mukhalepo nokha, ndipo mutiyankhe pano pa tsambali lisanafike tsikulo ngati mubweza ndalama kapena musinthitsa katundu.